Katundu Amene Sikelo Sinamuone

...ndiye chimene chimandinyansa ine n'chimenecho, kuti aliyense amafuna kuifotokoza nkhaniyi ngati analipo, chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe wa inu. Iwe ukusekawe unali kuti? Amene mwangofika kumenenu khalani pansi ndiyambirenso, chifukwa awa akuuzani zabodza, ati ndinalira m'ndege, ati ndinaitana amayi anga. Sindinalire ine. Zimene ndinachita n'zoipa kuposa kulira, koma ndi zanga, ndizinene ndekha.

Ine Jailosi ntchito yanga ndi kuyankha lamya pa sitolo ya mmwenye ija yogulitsa petulo ndi zitsulo za galimoto, pa msewu waukulu kuno ku Foti Jemusoni. Sukulu ndinalekeza koyambirira komwe, amayi atamwalira kwathu ku Kasenengwa, ndipo Chizungu chonse chimene ndimalankhulachi ndinachitola pa lamya ndi mumsewu, n'chifukwa chake theka lake ndi kutukwana. Ndimagona kuseri kwa sitolo, m'kachipinda ka migolo, ndekha ndi fungo la girizi. Tsiku lonse khutu lili pa lamya, uyu akufuna matayala, uyu akufuna mwini sitolo, uyu walakwitsa nambala, koma chiyambire ntchitoyi panalibe amene anaimbapo n'kunena kuti ndikufuna Jailosi.

Nkhondo itangotha, nthawi imene asilikali athu ankabwerako ku Burma, kunafika mzungu wina n'kutenga famu ya fodya cha njira ya ku Chipangali. Anthu anamutcha Chimphepo chifukwa anali ndi kandege kakekake, ka mipando iwiri, kopanda denga, mapiko ena pamwamba ena pansi. Kunkhondoko ankauluka, n'kubwerako dzanja lamanzere litauma. Mkazi analibe, kumene azungu anzake amakamwera mowa sankapitako, ndipo iwowo ankati mutu wake sugwira bwino.

Tsiku lina anaimba lamya akukalipa kuti mafuta ake a injini sanafike, n'kuyamba kunditukwana ine. Mtima wanga mukuudziwa, sudikira munthu amalize. Ndinamubwezera m'Chizungu chake chomwe, mawu onse amene azungu anandiphunzitsa okha ndinamuyalira bwinobwino, limodzi limodzi, osasiyako. Nditamaliza ndinati basi Jailosi, ntchito yatha, kapinde mphasa. Kenako ndinangomva munthu akuseka mpaka kutsokomola.

Kuyambira pamenepo ankaimba kawirikawiri, nthawi zina osaitanitsa kanthu, kungofuna mkangano. Ndinachedwa kuzindikira kuti nayenso kufamu kwakeko analibe wolankhula naye. Ndiye tsiku lina anati, m'Chinyanja chake chothyokathyoka chija:

"Iwe alibe mantha. Dzanja langa ili wafa, ine funa munthu thandiza pa ndege. Bwera Sabata m'mawa, ine tenga iwe pamwamba kamodzi. Ngati mutu wako bwino, iwe khala kuno, ine phunzitsa iwe ndege. Koma mvera: osadya kanthu. Madzi pang'ono basi."

Ndinaika lamya pansi. Munthu wakuda kuphunzira ndege, munamvapo kuti? Ulendo umodzi wokha woyesera, ndikapambana ndatuluka kuseri kwa migolo mpaka kalekale. Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu. Munali matayala okhaokha.

Tsono munthu wanzeru akanafunsa kuti bwana, ndibwere ndi chiyani. Koma ine ndinali nditangotchedwa wopanda mantha, ndiye ndiyambe kufunsa ngati mwana wa sukulu? Nanga wina ndikanafunsa ndani, bambo wake uti, malume ake ati? Ndinangokumbukira kanema wa nkhondo amene galimoto ya boma inkaonetsa pabwalo la msika, mmene oyendetsa ndege ankathamangira ku ndege zawo atavala chijasi, majombo, chipewa chachikopa chophimba makutu, ndi magalasi aakulu kumaso. Ndinati zida zake n'zimenezo, ndipo ndikafika kwa Chimphepo aone yekha kuti sanaitane munthu wamba.

Ndinayambira kwa a Daka, amene anali sajeni kunkhondo, amakhala pa khonde la telala kugulitsa zimene anabwera nazo.

"A Sajeni, ndikufuna jasi."

"Mwezi uno? Anthu akufuna kuvula ndi khungu lomwe, iwe ukufuna jasi? Uli ndi malungo?"

"Ndikakwera ndege Sabata."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, sikutali kwenikweni, n'kunena kuti, "Mphwanga, wabwera kwa mwini wake. Ndege ine ndimazidziwa."

"Munakwerapo?"

"Zinkadutsa pamutu panga tsiku lililonse. Kumwamba kuja kumazizira mpaka mamina amauma ngati msomali. Popanda jasi ili ubwerako uli chikuni."

Anatulutsa chijasi cha usilikali, cholemera ngati mwana wa ng'ombe, chosokedwera munthu wamtali kawiri kuposa ine. Nditachivala chinakwekwereza pansi, manja anga anasowa m'kati. A Daka anati, "Chakukhala ngati unabadwa nacho." Ndalama ya jasi ndinalibe, ndiye tinasinthana: iwo anatenga buluku langa la Sabata ndi malaya anga oyera, zovala zokhazo zimene zinali zangazanga, chifukwa khaki uyu mumamuonayu ndi wa sitolo, Loweruka madzulo amavulidwa n'kupita kochapa. Ndinaganiza kuti woyendetsa ndege buluku lamutani, jasi likuphimba zonse. Majombo anapita ndi bulangete langa. Anali aakulu moti phazi linkayamba ulendo jombo lisanadziwe, ndinachita kutsendera mapepala kutsogolo.

Magalasi ndinawapeza ku galaja, kwa mnzathu wowotcherera zitsulo, akuda bii, oti ukavala masana amasanduka mdima. Iye anandichenjeza kuti awa ndi a moto, koma ine ndinamuyankha mwaukali kuti nanga dzuwa si moto, munthu akakwera kumwamba sayandikira dzuwa? Inde, ndikudziwa. Jasi ndinagula chifukwa kumwamba kumazizira, magalasi chifukwa kumwamba kuli pafupi ndi dzuwa. Musandifunse kuti zimagwirizana bwanji, m'mutu mwanga sabata imeneyo zinkagwirizana bwinobwino.

Chipewa ndiye chinandivuta, m'sitolo zonse za amwenye munalibe. Ndinapita kwa wosoka nsapato, ndinamujambulira pansi ndi kamtengo, chophimba mutu wonse, makutu awiri olendewera, kachingwe pachibwano. Iye anati chikopa chofufuta chatha, chilipo cha mbuzi imene anapha mlamu wake. Ndinati sokani chomwecho, ubweya ukhale m'kati kuti muzifunda. Tsiku loyamba chinali chipewa. Pofika Loweruka chinali chitakumbukira kuti ndi mbuzi yakufa.

Madzulo amenewo ndinavala zonse n'kuimirira kutsogolo kwa chitini cha palafini, poti kalilole ndilibe. Ndinadzichitira sawasha ngati msilikali. Ndinatembenuka uku, ndinatembenuka uko. Mukudziwa, chovala chimafuna munthu wina woti anene kuti chakukhala, kapena akuseke n'kukuuza kuti vula zopusazo. Ine ndinali ndi chitini.

Sabata m'mawa ndinanyamuka, m'kati mwa jasi muli kakabudula kanga kogonera kokha, kong'ambika kumbuyo mbali zonse ziwiri. Njira imadutsa pakhomo pa aNaphiri, amayi aja amagulitsa futali ndi thobwa pa msika, kumene ndimadya chiimire masiku a ntchito. Anali akusesa pabwalo. Atandiona anataya tsache.

"Mayo ine! Chinthu chanji ichi?"

"Ndine amayi, Jailosi wa lamya."

"Jailosi? Wapenga liti mwanawe? Ndipo chafa n'chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, za Chimphepo, za ndege, za ulendo woyesera. Anali munthu woyamba kumva nkhaniyi ndi khutu lofuna kumva, ndiye ndinalankhula mpaka kupitirira. Iwo sanaseke ayi. Anafunsa kuti, "Watsanzika ndani?"

"Palibe amayi."

"Kwanu akudziwa?"

"Kwathu kulibe woti adziwe."

Anandilozera pakhonde n'kunena kuti, "Khala apo. Wadya?"

"Mzunguyo anati ndisadye kanthu."

"Mzungu ameneyo anabadwa kwa munthu? Ndi kuti kumene mwana wa munthu amanyamuka ulendo m'mimba muli mphepo? Wopita ku Joni timamudyetsa, wopita ku Halale timamumangira kamba, nanga iwe wopita kosafika ndi njinga yomwe? Ukakagwa uko anthu azidzati anadutsa pakhomo pa aNaphiri ndi njala. Ine manyazi amenewo ayi. Samba m'manja."

Anatulutsa mbale ya futali, mbatata zofewa zosambira mu nsinjiro, ndi chikho cha thobwa wa dzana, wolumaluma uja. Tsono mverani bwino apa, chifukwa ena mumati ndinaiwala mawu a Chimphepo. Sindinaiwale. Ankalira m'khutu ngati belu la lamya. Koma amayi aja anaimirira pambali panga, manja m'chiuno, akuyang'ana dzanja langa likupita kukamwa, ndipo chimwalirire amayi anga panalibe munthu amene anaimapo chotero kudikira kuti aone ngati ndakhuta. Mbale itatha anati, "Ukudya ngati mlendo bwanji?" n'kuikamo wina. Ndinadya. Chikho chitatha anadzazanso. Ndinamwa. Kenako anayamba kulonga m'matumba a jasi, mbatata zootcha, mtedza wokazinga, chinangwa, botolo la thobwa lotseka ndi chitsononkho.

"Uyende bwino mwana wanga. Ukaona pa msika paja ugwedeze dzanja."

Ndinachoka pamenepo ndikuyenda ngati ngolo yodzaza.

Njira ya ku famu ija si yapafupi, ndipo unali mwezi uja wa dzuwa mvula isanagwe, nyenje zikulira ngati zalipidwa. Ndinati ndivale magalasi kuti maso azolowere. Ndinayenda pang'ono n'kupereka moni kwa chulu. Ndinayendanso pang'ono n'kupezeka ndili m'ngalande chagada, miyendo m'mwamba, jombo limodzi litapitiriza ulendo lokha. Apo ndinawakweza pachipumi magalasiwo, ndipo m'pamene ndinaona kuti sindili ndekha, kumbuyo kwanga kunali agalu, a midzi yosiyanasiyana, oti masiku ena akakumana amalumana, koma tsiku limenelo anagwirizana pa nkhani ya chipewa changa. Ntchentche ndiye zinali zitamanga kale mudzi pamutu. Amayi ena opita ku tchalitchi atandiona potulukira pa thengo anabalalika akukuwa kuti chilombo chatuluka kudambwe Sabata, wina anataya ndi buku la nyimbo lomwe. Ndinawakuwira kuti ndine munthu, bwererani, koma munthu wake uti amene amavala choncho? Ngolo imene ndinaipempha kuti indikweze, mwini wake anavomera, ng'ombe zake ndi zimene zinakana.

Ndinafika thukuta likuyenderera m'majombo, mapepala aja atasanduka phala. Bwalo la ndege linali kamunda chabe kolambulidwa, kumapeto kuli mitengo italiitali, ndipo anthu a pa famu anali atakhala pamthunzi, poti Sabata lililonse amabwera kudzaonera bwana wawo akuuluka. Kandegeko kanali pomwepo, kachikasu, kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Pambali pake panali mzungu wowonda, wovala kabudula ndi malaya a manja aafupi basi. Kabudula, anthu inu! Aka kanali koyamba kuonana maso ndi maso.

Anandizungulira kamodzi atagwira mphuno.

"Iwe Jailosi wa lamya?"

"Ndine bwana."

"Pa lamya iwe wamkulu." Anayang'ana agalu aja. "Awa abale ako?"

Anthu pamthunzi paja anayamba kuseka chamumtima. Chimphepo analoza mitengo ya kumapeto kwa bwalo n'kunena kuti kukatentha ndege imachita ulesi, siifuna katundu, ikalemera tikathera m'nthambi zimenezo. Anaitana kapitawo wake kuti andikweze pa sikelo yoyezera mabelo a fodya. Ndinakwera. Muvi wa sikelo unathamanga ngati waona njoka.

"Chotsa za m'thumba."

Ndinayamba kutulutsa. Mbatata. Mbatata ina. Chinangwa. Mtedza. Amayi a pamthunzi anayamba kuimba nthungululu pa chilichonse chotuluka, ngati ndi mphatso za pa ukwati. Botolo la thobwa litatuluka, nkhope ya Chimphepo inasintha.

"Iwe dya?"

Apa ndi pamene ndikanapulumukira. Ndikanangoti inde bwana, ndadya, iye akanakalipa n'kunena kuti tidikire madzulo. Koma pamaso pa anthu onsewo, ine wopanda mantha uja? Ndinati, "Iyayi bwana, izi ndi za pobwerera."

Majombo anavulidwa. Chipewa anachinyamula ndi kamtengo, osachikhudza, n'kuchiponya kutali, ndipo mgwirizano wa agalu uja unathera pomwepo. Magalasi anawayesa kumaso kwake, anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Iwe funa otcha ndege yanga?" Kenako analoza jasi.

"Jasi ayi bwana."

"Chotsa."

"Kumwamba kumazizira bwana, a Sajeni anatero."

"Jasi kapena ndege. Sankha."

Ndinamasula mabatani pang'onopang'ono ngati munthu amene akudikira kuti mvula igwe imupulumutse. Jasi linagwa pansi. Mayi wina anakuwa kuti, "Mayo! Bwana wa ndege alibe buluku!" Anthu anagubuduka, wina anachita kugwira mtengo. Ine magazi anakwera, ndinatembenuka kuti ndiwatukwane, osadziwa kuti potero ndaonetsa mzungu mawindo awiri a kumbuyo kuja. Nditamva iye akutsokomola ndinatembenukira kwa iye kuti ndipepese, ndiye mawindo aja anapita kwa amayi. Ndinazungulira choncho pa sikelo ya fodya ngati nkhuku yootcha, kulikonse kumene ndayang'ana kumbuyo kwanga kukubuka chikondwerero.

Chimphepo atapukuta misozi anatsegula kabokosi m'ndege muja n'kutulutsa ovololo yakale ya mafuta, magalasi oyera oonekera bwino, ndi kachipewa kachikopa kofewa. Zonse zinalimo kale. Sabata yathunthu ndinazungulira tauni kugula zida, buluku linapita, bulangete linapita, ndipo pa zonsezo palibe ngakhale chimodzi chimene chinakwera ndege. Anandiyezanso, muvi unakhala pabwino, iye anagwedeza mutu kuti zili bwino. Koma katundu weniweni anali m'kati, ndipo sikelo imangodziwa kulemera, siidziwa kuti cholemeracho ndi munthu kapena futali.

Anandikhazika mpando wakutsogolo, iye kumbuyo, n'kundimanga malamba. Anandionetsa ndodo imene inali pakati pa miyendo yanga, kuti ndisaikhudze mpaka atanena. Anandionetsanso paipi ya labala yokhala ndi kakamwa ngati ka fanulo pafupi ndi chibwano changa, ikupita kumbuyo mpaka ku makutu a chipewa chake, ina ikuchokera kwa iye kubwera ku makutu anga. "Iyi lamya ya ndege. Ine funsa, iwe yankha." Ndinati apa ndiye mwafika kwathu bwana.

Kapitawo anapukusa chimtanda chozungulira cha kumphuno kwa ndege, injini inabangula, ndege yonse inayamba kunjenjemera ngati ili ndi malungo. Tinathamanga, tinadumphadumpha, mitengo ija ikubwera, ikubwera, kenako kudumpha kuja kunangoleka. Ndinayang'ana pansi, mitengo inali pansi pa mapazi anga.

Anzanga, apa musaseke, chifukwa ndi pokhapo pamene pali pabwino m'nkhani yonseyi. Mphepo inali yozizira, yoyera, yopanda fungo la girizi. Mapiri onse ozungulira tauni anagona pansi ngati ng'ombe zokhuta. Ndinaona msewu wa ku Mwami ukupindika ngati ulusi, ndinaona madenga a malata akunyezimira, minda yotentha, utsi wa lupsa uku ndi uko. Foti Jemusoni yonse, ndi mabwana ake, ndi amwenye ake, ndi inu nonse, inakwana pansi pa chikhatho changa. Ndinayamba kufunafuna nyumba yoti ndiloze kuti apo ndi pathu. Ndinayang'ana madenga onsewo limodzi limodzi. Kenako ndinangopeza msika n'kugwedeza dzanja, ngakhale kuchokera kumeneko munthu saoneka.

M'makutu munamveka mawu. "Gwira ndodo. Pang'ono, monga dzira."

Ndinagwira. Chinthu chija chinali chamoyo, chikugunda m'manja. Ndinakankhira pang'ono kumanja, dziko lonse linapendekeka kundimvera ine. Ndinabweza, linabwerera. Ine Jailosi, wogona ndi migolo! Chimphepo anakuwa kuti, "Bwino! Iwe ali ndi dzanja!" ndipo ndinamva kuti ntchito ija ndaipeza, yatsala kungotera pansi.

Ndiye pofuna kundisangalatsa, anatenga ndodo n'kunena kuti tione ngati mutu wako uli bwino. Anaigoneka ndege chammbali n'kuizungulitsa, phiri linabwera pamene panali thambo, kenako tinagwera m'dzenje la mphepo, thupi langa linatsika koma thobwa anatsala m'mwamba. Ndinamva futali akudzuka, akupinda mphasa, akufunsa njira. Ndinatseka pakamwa. Ndinameza. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinatsala nawo, ndi la chakudya lomwe. Ndikanapirira, ndikulumbira ndikanapirira mpaka pansi, koma paipi ija inalankhula.

"Jailosi! Iwe bwino?"

Tsono ine ndine munthu wa lamya. Zaka zonsezi thupi langa linaphunzira chinthu chimodzi, kuti ikaitana umayankha msanga, pakamwa pafupi ndi kakamwa kake, ngakhale uli ndi chakudya m'kamwa. Sindinaganize n'komwe. Ndinakoka kafanulo kaja, ndinakagunditsa pamilomo, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti bwino bwana.

Anayankha ndi futali.

Mbale yoyamba yonse inalowa mu paipi, ndipo paipi mukudziwa kumene inkathera. Ndinamva kumbuyo munthu akukuwa mawu amene ngakhale ine wa lamya ndinali ndisanawamvepo. Pochita mantha kuti ndiwononga ndege ya eni, mbale yachiwiri ikubwera ndinati iyi yokha ndiitayire kunja mwaulemu, ndinatulutsa mutu m'mbali. Palibe amene anandiuza kuti m'ndege chimene wataya kutsogolo mphepo imakapereka kwa wakumbuyo. Thobwa yense, zikho zonse ziwiri, anapita molunjika ngati watumidwa. Nditacheuka ndinaona Chimphepo magalasi ake ataphimbika, nsinjiro zikuyenderera pachibwano, dzanja lake lamoyo lili pa ndodo, louma lija likuyesa kupukuta koma likungopaka. Munthu amene anapulumuka mizinga ya kunkhondo anatsala pang'ono kuphedwa ndi mbatata za aNaphiri.

Mmene tinaterera sindikudziwa, maso ndinali nditatseka. Ndimangokumbukira kuti tinagunda pansi, tinadumpha, tinagundanso, n'kukaima m'mphepete mwa munda wa fodya. Injini inazima. Anthu aja anathamanga kubwera, atafika pafupi anaima, kenako anayamba kubwerera m'mbuyo. Palibe anaseka, ndipo kusaseka kumeneko kunawawa kuposa nthungululu zija.

Chimphepo anatsika, anavula chipewa chake, anachipendeketsa, munatuluka zotuluka. Ndikanakonda akanatukwana, tikanadziwa pochezera. Koma anangonena motsitsa kuti, "Kusanza si kanthu, onse sanza. Koma ine funsa iwe pansi, iwe nena bodza. Pamwamba munthu wa bodza ipha mnzake." Anatembenuka n'kupita kuchitsime.

Kapitawo anandilanda ovololo. Ndinavalanso chijasi changa, dzuwa lili paliwombo, majombo m'manja, mbatata zija ana a pa famu anali atagawana kale. Pobwerera ngakhale galu mmodzi sananditsate.

Ndikudutsa pakhomo paja, aNaphiri anali pakhonde, atachokera ku tchalitchi. Anaimirira akumwetulira.

"Wabwera mwana wanga! Ndege ija ndinaimva ikudutsa, ndinatuluka panja mapemphero ali m'kati, ndinagwedeza chitenje. Unandiona?"

"Ndinakuonani amayi."

"Nanga kamba uja anakwana?"

"Anakwana amayi. Mpaka mzungu analawako."

"Waona! Ndiye ankati usadye. Anaukonda?"

"Anasowa chonena."

Lolemba ndinabwerera pa lamya. Ikalira ndinkalumpha, mwina ndi iye, tikangane pang'ono ngati kale. Koma iye sanaimbenso, mafuta ake anayamba kuitanitsa ndi kapitawo. Mvula isanathe ndinamva kuti wagulitsa famu ndi kandege komwe n'kupita kum'mwera. Jasi ndili nalo mpaka lero, ndi limene ndimafunda poti bulangete lili kwa a Daka, ndipo Sabata ndikamadutsa pa khonde la telala ndimaona buluku langa likupita ku tchalitchi ndi munthu wina.

Ndiye ndinalumbira, ndipo mukhale mboni. Wina akadzandiitananso kuti ndikwere chinthu chilichonse chochoka pansi, ngakhale makwerero, sindidzagula kanthu koma chitini chopanda kanthu chokhala ndi chivindikiro, ndipo akadzafunsa kuti wadya ndidzatchula ndi za dzulo zomwe. Bodza lija ndi langa, magalasi aja ndi anga, mbuzi ija ndi yanga, sekani mpaka nthiti zipweteke. Koma za mbale ija musandiuze kanthu. Inu nonse mukachoka pano kuli munthu amene akusungirani chakudya n'kukufunsani kuti mwachedwa kuti. Mukanakhala ine m'mawa umenewo, munthu n'kukutchani mwana wanga, n'kuimirira pambali panu kuti mudye, ndani wa inu akanaibweza mbale imene ija?